Mbedza imodzi, zala ziwiri

Pachipatala chathu chaching'ono cha kufupi ndi Nkope, anamwino tinazolowera kuchotsa mbedza m'zala za asodzi. Mbedza sazula chobwerera chifukwa ili ndi kangowe. Umaikankha kuti itulukire kutsogolo, kenako n'kudula nsonga yake.

Tsiku lina kunabwera msodzi wina wamtali, mbedza ili m'chala chachikulu. Mankhwala ochititsa dzanzi anali atatithera, ndiye ndinangowauza kuti alimbe mtima. Nsonga itangotulukira, bambo aja anadzidzimuka, mbedza n'kuboola golovesi yanga n'kundilowa m'chala. Tinakodwa tonse awiri. Sindikanatha kukoka dzanja, iwonso sakanatha. Ndinkangoyang'ana magazi awo akutsetsereka pakachitsuloko kubwera kwa ine, mpaka namwino mnzanga anathamanga kudzatilekanitsa.

Kunyumba ndinali ndi khanda loyamwa, lomwe linali lisanalaweko n'phala lomwe.

"Bambo, tiloleni tikuyezeni magazi," ndinawapempha. "Kadontho kamodzi basi, ndidziwe ngati mwana wanga ali pangozi."

"Pepani anesi, wallahi sindinachitire dala," anatero akuyang'ana pansi. "Koma zoyezazo ayi. Bola kusadziwa."

Ndinapsa mtima koopsa. Koma munthu sayezedwa mokakamiza, ndipo lamulo limenelo ndi ine ndemwe ndinkaliphunzitsa m'mawa uliwonse kwa odwala ali pamzere. Ndinawamanga bandeji bwinobwino, iwo n'kumapita.

Adokotala athu anandipatsa mapiritsi oteteza ku kachilombo, omwa mwezi wathunthu. Anati kuyamwitsa ndikhoza kupitiriza, chiopsezo n'chochepa. Mwina ankanena zoona, koma mawu akuti "chochepa" amapepuka kwa munthu wopanda bere. Nditafika kunyumba mwana anandilirira, ine n'kulephera kumasula mabatani. Ndinatuma amuna anga kukagula mkaka wa m'chitini.

Apongozi anga, amene ankandilerera mwanayo ndikapita kuntchito, sanachedwe kufunsa.

"Mwana wakhanda chonchi kumumana bere? Mwatumbiza eti?"

"Ayi amayi, mkaka ndi umene wachepa."

Anayang'ana pachifuwa panga, pomwe bulauzi inali itanyowa. Zoona zake sindikanawauza, zikanafika kudoko tsiku lomwelo zitasanduka zina. Mapiritsi ndinkabisa mu nsapato. Mkaka ndinkaufinya kuseri kwa bafa n'kuutaya pamchenga, kuti usaphwe, uku mwana wanga akulira m'nyumba. Ndinkalira naye ndili komweko.

Kuntchito ndinkapitabe. Jakisoni aliyense ndinkabaya ndi mantha, koma kusiya ntchito kunali kosatheka, pamzere anthu anali mbwee. Msodzi uja anabwerako, chala chitapola, atanyamula chambo chachikulu chopepesera. Ndinalandira ndi manja awiri, monga mwa ulemu. Ndinawapemphanso kadontho kaja, iwo anangomwetulira mwamanyazi n'kutsanzika.

Patapita miyezi, magazi anga anayezedwa komaliza ndipo anapezeka opanda kachilombo. Ndinapempha kuweruka msanga. Ndinafika kunyumba wefuwefu, n'kumulanda mwana kumsana kwa agogo ake, yunifolomu ndisanavule. Mkaka unali udakalipo, ndinausunga movutikira. Ndinakhala pakhonde n'kumuika pabere.

Analinunkhiza, n'kutembenuza nkhope. Ndinayesanso, iye anandikankha ndi timanja take n'kuyamba kulira, akulozera botolo lake limene apongozi anali atagwira.