Macheka a Kalipentala Wolapa

Ndakhala moyandikana ndi kalipentala uyu zaka makumi atatu. Loweruka lililonse amapita kukalapa, n'kubwerako akuimba mluzu. Amati, "Achimwene, ansembe akamasula pansi pano, kumwambanso kwamasuka." Ine ndimati wokhululukira machimo ndi Mulungu yekha, osati munthu wotsokomola kuseri kwa katani.

Chaka chatha anauza anthu pamaliro kuti ndinamubera macheka. Atawapeza pansi pa bedi lake, anathamangira kwa ansembe, kundilambalala ine nditakhala pakhonde.

Anabwerako wopanda mluzu. "Akuti ndiyeretse kaye dzina lanu pagulu, ndiye andimasule. Ndichita zimenezo Lamulungu likubwerali."

Tsiku limenelo wansembeyo ndinamuvulira chipewa. Koma Lamulungu lija silinafikebe, ndipo anthu akandiona akubisabe nyundo zawo.