Mpeni Wothyokera Pakhosi pa Ng'ombe ya Ukwati

Alamu anga ali chigonere ndi chikhakha kumwendo chifukwa cha mpeni umene ndinagula pa sitolo ina ya zipangizo pa Ntcheu Boma. Dzina la sitoloyo sinditchula. Eni ake akudzidziwa, ndipo ndikudziwa kuti uthengawu uwapeza.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti kwathu ku Bwanje ndine ndimazinga ng'ombe pakakhala ukwati kapena chiliza. Si ntchito yolipidwa ayi. Ndinatengera bambo anga. Ntchito yanga yeniyeni ndi mpunga. Mpeni umene ndakhala ndikugwiritsa ntchito zaka zonsezi ndi umene bambowo anabwera nawo kuchokera kumigodi ku Joni. Wanoledwa mpaka wawonda ngati tsamba la bango. Mbuzi umaitha, koma ng'ombe sungathenso.

Mwezi wathawu mwana wa mlongo wanga, Esinati, amakwatiwa. Ine ndi malume ake. Akuchimuna anabweretsa ng'ombe yamphongo yoti anthu adye paukwatipo, ng'ombe yonenepa, ya linunda lake. Ndinati sindingamuchititse manyazi mwanayu ndi mpeni wotha. Lachitatu ndinakwera minibasi kupita pa Boma.

Ndinalowa m'sitolomo cha m'ma 9 m'mawa. Wogulitsa anali bambo wamkulu ndithu, wadazi, atakhala pampando kuseri kwa kauntala, maso pafoni. Ndinapereka moni. Anayankha osadzutsa mutu.

Mipeni ikuluikulu inalipo mitundu iwiri. Mtundu woyamba unali m'kabati yagalasi yokhoma. Mpeni wakuda, wosakongola, chigwiriro chamtengo cha misomali itatu, chitsulo chikuoneka bwinobwino kuti chadutsa m'chigwiriro monse mpaka kumapeto. Mtundu wachiwiri unali pakhoma, mipeni yambirimbiri m'mapulasitiki omata. Yonyezimira moti mutha kupeserapo tsitsi. Chigwiriro chakuda cha mphako zoikamo zala, ndi chimake chake chomangirira palamba.

Ine maso anga anali pa wa m'kabatiwo. Ndinapempha kuti ndiugwire.

Akuti makiyi ali ndi bwana.

Bwana ali kuti? Akuti apita ku Tsangano kukatenga katundu, afika posachedwa.

Ndinadikira. Ndinapita kumsika, ndinazungulira masitolo ena. Musandifunse kuti bwanji sindinagule kwina, chifukwa kwinako ndinangopeza zikwanje ndi timipeni todulira anyezi. Ndinabwerera dzuwa litapendeka. Bwana sanafike. Ndinati aimbireni. Akuti alibe mayunitsi, munthu amene tsiku lonse chala chili pafoni. Ndinati nayi yanga. Akuti bwana sayankha nambala yachilendo.

Apa m'pamene bamboyo anadzuka pampando, koyamba tsiku limenelo.

"Madala, mukuvutikiranji ndi mpeni wachikalekale uja? Anthu onse masiku ano akugula uwu," anatero akutsitsa umodzi wa pakhoma.

Ndinamuuza momveka, ndipo mawu anga ndikuwakumbukira. "Akulu, ine ndikufuna wozingira ng'ombe. Ng'ombe yamphongo, yaikulu. Uwu ungathe?"

"Ngakhale njati," anatero. "Ogulitsa nyama a pa Lizulu amagula womwewu."

Ndinati auchotse m'pulasitiki ndiumve kulemera m'manja. Akuti ukatsegulidwa ndiye kuti wagulidwa. Tandiuzani abale, nsapato timagula osayesa? Nkhuku ya pamsika timainyamula kuti timve kulemera kwake, koma mpeni wa K18,000 tizingouyang'ana ngati chithunzi?

Nthawi inali itatha, ndipo kwathu si pafupi. Ukwati unali Loweruka. Ndinalipira. Lisiti? Akuti malisiti nawo ali ndi bwana.

Kunyumba ndinaunola, ndipo unathwa bwino, ndisaname. Ndinayesa pa ubweya wa pamkono, unameta. Mtima unakhala pansi.

Lachisanu m'mawa tinatulutsa ng'ombe m'khola. Amuna anaimanga miyendo n'kuigwetsa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga. Alamu anga a Mbewe, bambo ake a Esinati, anati agwira okha chingwe cha miyendo yakumbuyo. Ndinawauza kuti asiyire ena, iwo ndi eni ukwati. Anaseka. Anati, "Alamu, ng'ombe ya mwana wanga woyamba ndingoionerera ngati mlendo?"

Ndinagwada. Ndinaika mpeni pakhosi, ndinakanikiza monga ndimachitira nthawi zonse. Unalowa. Ng'ombe inagwedeza mutu kamodzi kokha, ndipo ndinangoona kuti m'manja mwanga mwatsala chigwiriro. Chitsulo chonse chinatsalira m'khosi.

Amene simunaonepo ng'ombe yodulidwa theka, pempherani kuti musadzaione. Inadzuka ndi mphamvu zimene sindinazionepo pa nyama. Chingwe chinapulumuka. A Mbewe anagwa chagada, ng'ombe n'kuwaponda mwendo ndi thupi lake lonse. Kulira kwa fupa ndinakumva ine, ndili kumutu kwa ng'ombe. Iwo sanakuwe. Anangoti, "Alamu, mwendo."

Ng'ombe inathawira kudimba, magazi ali chuchuchu, ikugwetsa mpanda wa eni ake. Amuna anaithamangitsa mpaka kungalande ya madzi, komwe m'bale wina wakuchimuna anaimaliza ndi nkhwangwa. Nyama imeneyo inazunzika, ndipo inazunzikira m'manja mwanga. Chiyambire ntchitoyi ng'ombe siinayambe yadzukapo pansi pa mpeni wanga.

A Mbewe tinawanyamula pangolo mpaka kumsewu, kenako pagalimoto mpaka kuchipatala pa Boma. Fupa linathyoka pawiri kunsi kwa bondo. Anawagoneka.

Nditabwerera kumudzi madzulo ake ndinapeza nkhani yasintha. Siinalinso nkhani ya mpeni. Azakhali ena akuchimuna amanong'onezana kuti awa ndi malodza, kuti ng'ombe yakana ukwati, kuti kapena kuchikazi kuno kuli zina zimene sanauzidwe. Esinati anazimva. Ndinamupeza m'chipinda mwa mayi ake, diresi la ukwati lili pabedi, iye ali pansi. Anandifunsa funso limodzi.

"Malume, ukwati ukhalapo?"

Ndinatuluka ndi chigwiriro chija m'manja n'kukachiika pamphasa pamaso pa akuchimuna onse. Ndinachiswa ndi mwala kuti aone okha. Mkati munali kachitsulo kafupi kuposa chala changa chaching'ono, kopyapyala, komatidwa ndi guluu. Chitsulo chachitali chonyezimira chija chimagwira pa kanthu kameneko basi. Ankhoswe akuchimuna anakatola, anakayang'ana, anati palibe malodza apa, apa pali akuba. Nkhani ya malodza inazizira, ngakhale ndikudziwa kuti ena akuinenabe m'makhitchini mwawo.

Ukwati unachitika. M'tchalitchi Esinati ndinamuperekeza ndine. Mpando wa bambo ake unali wopanda munthu, ndipo mayi ake anakhalapo kanthawi kochepa n'kubwerera kuchipatala. Anthu anadya nyama, anavina, koma ine nthuli imodzi sindinaimeze.

Lolemba ndinapita kukaona alamu, kenako ndinalunjika kusitolo kuja. Ulendo uno bwana analipo, bambo wonenepa, wovala malaya oyera. Wadazi uja analinso pampando wake. Ndinali nditamva kale kuti ndi mphwake wa bwanayo.

Ndinaika chitsulo ndi zidutswa za chigwiriro pakauntala. Sindinakweze mawu. Ndinafotokoza zonse monga ndafotokozera pano.

Funso loyamba la bwana silinali loti wovulalayo ali bwanji. Linali loti lisiti lili kuti.

Ndinati afunse mphwawoyo. Mphwawoyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti anthu amabwera ambiri, sangakumbukire aliyense. Munthu amene ndinakhala naye kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinaloza pakhoma pamene panali patachoka mpeni wangawo, msomali udakali wopanda kanthu. Apo m'pamene anati mwina akundikumbukira pang'ono.

Bwana ananyamula chitsulo chija, anachitembenuza, n'kuseka pang'ono.

"Koma madala, inuyo munthu wamkulu, mpeni uwu n'kuzingira ng'ombe? Iyi ndi ya anyamata, yongotchenera palamba. Yodulira nzimbe mwina."

Ndinati, "Mphwanuyu anandiuza kuti ngakhale njati."

Wadazi uja akuti amangocheza. Akuti malonda amayenda choncho.

Amangocheza. Mwendo wa munthu uli m'chikhakha, iye amangocheza.

Ndinawauza kuti bambo wa ana asanu ali m'chipatala, nyengo ino yowokera mpunga. Bwana anapukusa mutu ngati wamva chisoni, kenako ananena mawu amene andichititsa kulemba zonsezi.

"Pepani ndithu. Koma mwendowo yathyola ndi ng'ombe, si mpeni wathu."

Atatero analoza chikwangwani cha pakhoma chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa.

Ndinadzigwira, chifukwa ndikanayankha nthawi imeneyo bwenzi pano ndikulemba ndili kupolisi. Iye anaona ngati ndafewa. Anati andithandiza ngati m'bale. Anati mpeni weniweni wa ntchito yanga ndi wa m'kabatiwo, ndipo andichotsera K1,000. Anauza mphwakeyo kuti atsegule.

Mphwakeyo sanapemphe makiyi kwa bwana. Anakoka kadilowa kamene kali pansi pa kauntala, pamaondo pake penipeni, n'kutulutsa makiyi omangidwa ndi kachingwe.

Ndinafunsa ngati makiyiwo amakhala m'menemo nthawi zonse. Bwana, posadziwa chimene ndikufunsira, anati inde, angapite nawo kuti makiyi a kabati? Mphwake uja anayang'ana pafoni.

Ndiye kuti Lachitatu lija mpeni wabwino unali pamaso panga, makiyi ali pamaondo pa wogulitsa, ine ndikuotcheka ndi dzuwa pakhonde kudikira munthu wa ku Tsangano. Sindinasankhe mpeni woipa ine. Anandisankhira, atanditsekera winawo.

Sindinaugule. Ndinatola zidutswa zanga. Pamene ndimatuluka, mayi wina anali atanyamula mpeni wonyezimira womwewo, akuti amuna awo amapha nkhumba ndipo awatuma. Ndinawaonetsa kachitsulo kaja. Bwana anati ndikuwononga bizinesi yake, ndituluke. Mayiwo anaubweza pakauntala n'kutuluka nane limodzi. Koma pakhoma paja yatsala yambiri, ndipo ine sindingaime pakhomo la sitolo tsiku lililonse.

Tsono inu eni sitolo, ndili ndi mafunso, ndipo ndikufuna mayankho.

Ngati mukudziwa kuti mipeni imeneyi ndi yongotchenera, bwanji simuuza anthu? Bwanji mwaipachika poonekera, wabwino n'kuukhomera? Kodi makatoni ake akuunjikirani kuseri ndiye mwaganiza zotitayira ife akumudzi? Mphwanuyo amalandira kangachepe pa mpeni uliwonse wa pakhoma umene wagulitsa, kapena bodza amangolikonda? Ogulitsa nyama a pa Lizulu amene amagula mipeni imeneyi ndi ati, titchulireni mmodzi? Ndipo chikwangwani chanucho, choti katundu sabwezedwa, chimanenanso kuti wogulitsa ali ndi ufulu wonama?

Ndalama zanga zisakuvutitseni, idyani. Chimene ndikufuna n'chakuti mipeni ija ichoke pakhoma, komanso mupite mukawaone a Mbewe, muwauze pamaso zimene munandiuza ine, kuti yawathyola ndi ng'ombe.

Kwa inu anzanga amene mumapha ziweto, kaya kudula mabango, kaya kuyenda m'tchire: mpeni waukulu musagule uli m'pulasitiki. Ugwireni. Yang'anani kumsana kwa chigwiriro ngati chitsulo chikuoneka mpaka kumapeto, ndipo misomali ikhale yodutsa mbali zonse ziwiri. Akakana kutsegula, tulukani. Akati makiyi ali ndi bwana, auzeni akoke dilowa.

A Mbewe anatuluka m'chipatala sabata yatha. Adokotala akuti asaponde pansi mpaka fupa litagwirana, ndipo sakulonjeza kuti adzayendanso ngati kale. Mbande zawo za mpunga zakula kunazale, zikupitirira msinkhu wowokera, ndipo madzi a m'ngalande sadikira munthu. Dzulo ndinapita kukawaona. Sanandidzudzule ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo n'zimene zikundipweteka kwambiri. Anangondifunsa ngati mbande zija zikadali zobiriwira.

Mawa m'mawa ine ndi mlongo wanga tikulowa m'munda mwawo. Wanga udikira. Eni sitolo mukakhala ndi yankho, mundipeza m'matope m'menemo.