Ndinadutsa pamaliro osakhala pansi

Maso anga, maso anga ine! Lero ndikulemba ndi diso limodzi, zilembo zopendama ngati mizere yolima munthu woledzera, koma ndikulemba ndekha.

Ng'ala inayamba ngati nkhungu yammawa ya kwathu ku Lifidzi, ija imachoka dzuwa likakwera. Yanga sinachoke. Mbuu chaka chino, mbuu chaka chinacho. Nyemba ndinkaphika pamodzi ndi miyala. Kudimba ndinkazula mbewu n'kusiya udzu. Tsiku lina ndinagwadira mtengo wa pichesi n'kuupatsa moni waulemu. Anthu anaseka, nane ndinaseka, koma kuseri kwa nkhokwe ndinalira, poti ndinali nditayamba kugwidwa dzanja popita kuchimbudzi, ine mayi wobereka.

Apadiri analengeza pa Misa kuti madotolo a maso akubwera ku Vila Ulongwe, ndipo sakhalitsa. Ulendo woyamba mwana wanga wamkazi anali m'chikuta, ndinati ndisamale kaye khanda. Atabweranso, chimanga chinali kuwola kumunda, ndinati ndikolole kaye. Kaye, kaye, kaye! Pofika ulendo wachitatu diso lamanzere linali litazimiratu, lamanja likulondola mnzake. Uthenga unatipeza mochedwa, litatsala tsiku limodzi lokha. Ndinalumbira kuti ngakhale nyumba ipse, ine ndikupita.

Mmawa akamwini anga anatulutsa njinga. Ine amene sindinadyepo pamaso pawo ndinakhala kumbuyo kwawo, ndamanga chitenje changa cha kapulana zolimba, ndagwira chitsulo, chiuno chawo ayi. Tisananyamuke mwana wanga uja anakuwa, "Amayi, mbuzi zalowa m'dimba mwanu!"

Ndinati, "Zidye."

Tinayenda, tinayenda, mphepo ikundiluma makutu. Pamudzi woyandikana nafe njinga inaima.

"Amayi, tsikani. Pamsewu pali masamba."

Masamba pamsewu ndiwo maliro. Ndinamva kulira, ndipo pakati pa mawu onsewo ndinatolamo mawu amodzi. Anali anzanga apamtima, amene tinathawa nawo nkhondo kupita ku Dedza, tikuphika mumphika umodzi, ana athu akufunda bulangete limodzi. Amuna awo anali atatisiya.

Mmodzi mwa adzukulu okumba manda anandigwira mkono. "Agogo, mwafika msanga bwanji, wouza uthenga angonyamuka kumene! Lowani, anzanu akukutchulani chiyambire m'bandakucha."

"Ndikupita ku Vila, kuchipatala."

"Ku Vila kuli maliro okoma kuposa athuwa?"

Mayo ine! Miyendo yanga inayamba yokha kukhotera kusiwa. Koma ndimadziwa mwambo wathu. Ukalowa n'kukhala pambali pa namfedwa, sudzuka mpaka mwaika. Ndikakhala pansi, madotolo apita. Akadzabweranso adzapeza chiyani m'mutu mwangamu? Ndinagwada pamsewu pomwepo, pafumbi, n'kuwomba m'manja kuloza kumene kumachokera kulira. Pepani, pepani, pepani. Misozi ikutuluka m'maso omwewo osaona.

Akamwini ananong'ona, "Amayi, anthu atinena."

"Atinene ine ndikuwaona. Kankhani njinga, bambo."

Tinadutsa wapansi, poti pamaliro sukwera. Msewu waufupi uja unatalika ngati wopita ku Tete. Mayi wina anayankhula mokweza kuti ndimve, "Taonani, akudutsa ngati mlendo wogula nyemba!" Kulira kwa anzanga kunasiya pang'ono. Ndinadziwa kuti awauza.

Kuchipatala bicha, mzere wodikira adotolo, inali yaitali, akhungu okhaokha titagwirana mapewa, ine kumapeto. Dzuwa linapendeka ndisanamwe ngakhale madzi, kuopa kutaya malo. Mtima unkangoti atseka, atseka, wadutsa pamaliro pachabe. Sanatseke. Anandigoneka, anapala diso lamanja, anati lamanzere lidikire. Kutacha anachotsa kansalu. Ngwee! Khoma loyera, ntchentche pakhomapo, miyendo yake yonse! Ndinaluluta, adotolo mpaka kudzidzimuka.

Atandilola kuyenda ndinasenza ufa kukapepesa. Ndinapeza anzanga ali pakhonde, okha. Ndinagwada.

"Pepani, anzanga."

Anayang'ana kumbali.

"Pepani ndithu."

"Mwadzaona chiyani? Manda tinakwirira."

"Ndadzaona inu."

Ndipo ndinawaonadi. Ndinawasiya tsitsi lili bii, ndinawapeza imvi mbuu. Makwinya pamphumi, dzino lakutsogolo kulibe, mlomo ukunjenjemera ndi mkwiyo. Anandiyang'ana moipa, moipa zedi, ndipo kuipa konseko ndinakuona bwinobwino ndi diso langa. Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke pakhomo pa namfedwa, mtima uli chitelele m'kati.

Ufa analandira. Moni wanga mpaka lero amayankha ndi mphuno. Lamulungu lililonse ndimakhala benchi lakumbuyo kwawo, n'kumayang'ana khosi lawo lowonda lija mpaka Misa ithe.