Dengu Lotseka Lopanda Kanthu

Kuntchito aliyense ankawatchula kuti a Madengu, ndipo dzinalo analivomera. Ofesi yawo inali kachipinda kopapatiza ka pansanjika yapamwamba, ka zenera limodzi loyang'anizana ndi khoma la nyumba ina. Munali madesiki awiri, ketulo yodontha, ndi kompyuta imene mayiyu anaiyang'ana zaka zambiri mpaka khosi linazolowera kupendekera kutsogolo.

Munthu akawafunsa za ntchito yawo ankayankha mosazungulira. Thupi ndi lomangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo, koma selo lilibe pakamwa. Likafuna kumeza kanthu ka m'magazi, timapuloteni ta miyendo itatu timasonkhana kuseri kwa khungu lake, timagwirana miyendo n'kulukana kukhala kadengu. Khungulo limapindikira m'kati motsatira kadenguko, pakhosi n'kuduka, basi chinthu chalowa. Zimenezi ndi zazing'ono ndiponso zachangu, choncho a Madengu ankaziyerekezera pa kompyuta. Ankauza makina mphamvu imene mwendo ugwirire unzake, n'kuwasiya kuti aluke okha. Dengu likaphwasuka lili pakati, ankasintha nambala imodzi n'kuyambiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako mayi ameneyu anali nako kopitirira muyeso.

Chimene sankauza anthu n'chakuti ntchitoyi sanaisankhe chifukwa chokonda madengu. Bambo awo anali telala, munthu wowonda, wosasuta, wosamwa. Anagwera pa mashini akusoka kolala, m'mutu musanatuluke ndi imvi imodzi yomwe. Pazikope anali ndi timadontho tachikasu, ndipo kuseri kwa chidendene anali ndi chotupa cholimba, moti nsapato zawo zonse ankaziponda kumbuyo. Azakhali anapitanso chimodzimodzi akuyanika zovala. Achibale analozana zala za ufiti, ena mpaka lero sapatsana moni.

Tanthauzo la imfa zimenezi a Madengu anakalimva ku yunivesite. Pakhungu la selo pali timbedza tokola mafuta a m'magazi, ndipo dengu liyenera kugwira timbedzato lisanatseke. M'mabanja ena timbedzato timabadwa tolakwika. Dengu limalukika bwinobwino koma limatseka lopanda kanthu, mafuta n'kumatsalira m'magazi, kumaunjikana mwakachetechete m'mitsempha ya mtima. Tsiku limenelo ndi limene anasankha ntchitoyi.

Pa kompyuta yawo panali dengu lina limene analipatsa timbedza tolakwikato, n'kulitcha Zakwathu. Akamaliza ntchito imene anawalembera, ankatsegula limenelo. Mnzawo wa desiki yachiwiri, mkulu wanthabwala wotchedwa Kandevu, ankapukusa mutu.

"Mayi, dengu lanulo silidzakola kanthu. Mukulibwerezeranji? Inu ndi kompyuta imeneyi tidzakudalitsirani ukwati."

"Lidzakola," ankatero a Madengu. "Ndikungosowa nambala yake."

Apa mpamene mayi wanzeruyu anapusira, ndipo tisawabisire. Ankadziwa kuti matendawa amaoneka akayeza magazi. Ankadziwanso kuti mapiritsi alipo, ndipo woyamba kumwa msanga amatha kuona adzukulu. Koma timadontho tachikasu titatulukira pazikope zawo, sanapite kuchipatala. Anagula phauda. M'mawa uliwonse ankadzola mosamala pagalasi la kubafa, n'kudziuza kuti akayezetsa dengu la Zakwathu likangokola. Anali ndi mantha, mantha enieni a mwana amene anapeza bambo ake atagwera pa nsalu ya eni. Ndiponso ntchito inawazoloweretsa kuti chinthu chikalakwika umangoyambiranso.

Anali ndi mwana mmodzi, mtsikana wamtali womaliza sekondale, amene anamulera okha bambo ake atakakwatira kwina. Pasukulu ankamuti Kamvuluvulu chifukwa cha liwiro. Za agogo ake ankangodziwa kuti anamwalira mwadzidzidzi. Kumuuza zambiri kukanakhala kuvomera kuti mwina iwo omwe, mayi ake, ndi amene anamupatsira matendawo.

Loweruka lina masana mtsikanayo anabwera kuchokera kothamanga akutsimphina. A Madengu anali pakhonde akuchotsa zovala pachingwe. Asanaone nkhope ya mwana wawo anaona nsapato. Zonse ziwiri zinali zopondedwa kumbuyo.

"Amayi, nsapatozi zandichepera kapena? Zikundiluma kumbuyoku."

"Takhala pansi ndione."

Anagwada, natenga phazi la mwanayo m'manja. Kuseri kwa chidendene, pamtsempha, chala chawo chinakumana ndi kanthu kolimba ngati njere ya nyemba. Ankakadziwa kameneko. Ali wamng'ono ankasisita kotero komweko akamasambitsa mapazi a bambo awo.

"N'chiyani, amayi? Mwangoti zii."

"Palibe. Wathamanga kwambiri. Upakepo mafuta."

Lolemba lake analawirira ku ofesi n'kutsegula Zakwathu asanavule ndi juzi yomwe. Timiyendo tinagwirana, khungu linapindika, dengu linatseka. M'kati munalibe kanthu. Anasintha nambala. Masabata anadutsa akusintha manambala, kunyumba nsapato zikupitirira kupondedwa. Mtsikanayo akachedwa pang'ono kubwera, ankangosuzumira pazenera, koma akangomva chitseko ankati za kuchipatala aziona mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Amene anadula nkhani anali mphunzitsi wa zamasewera. Anati Kamvuluvulu sathamanga nawo pa mpikisano mpaka dokotala aone mwendowo. Mtsikanayo anachita kuwakoka mayi ake kuti apite naye kuchipatala.

Pabenchi ya kuchipatala kunali kotentha, fani itafa, anthu ali thithithi. A Madengu anatuluka thukuta, ndipo mosaganiza anapukuta kumaso ndi mpango. Pampangopo panatsala phauda.

Dokotala anali mayi wachikulire wosathamangira kulankhula. Anasisita chidendene cha mtsikanayo, kenako chinacho. Atadzutsa mutu sanayang'ane wodwalayo. Anayang'ana zikope za mayi ake, ndipo anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, kwanu alipo amene anamwalira ndi mtima asanakalambe?"

"Bambo anga," anayankha motsitsa mawu. "Ndi azakhali."

"Inuyo magazi munayezetsapo?"

"Ayi."

"Mwanayu?"

A Madengu anapukusa mutu.

Dokotalayo anausa moyo, nayamba kufotokoza pang'onopang'ono monga amachitira ndi anthu osadziwa. Anati pali matenda ena oyenda m'magazi a banja, maselo amalephera kumeza mafuta, ndipo chotupa chikaoneka pa msinkhu umenewu ndiye kuti mafutawo akhala akuunjikana kuyambira kale. Anati ayeza onse awiri lero lomwe, ndipo zothamanga ziyambe zaima mpaka aunike mtima.

Kamvuluvulu, ngakhale nkhope inali itagwa, anaseka pang'ono ndi kunyada kwa mwana.

"Adokotala, musavutike kuwafotokozera. Zimenezo ndiye ntchito yawo amayi angawa. Timadengu ta m'maselo, timbedza tokola mafuta, amazidziwa zonse. Mpaka kuntchito amawatchula a Madengu."

Dokotala anaika cholembera pansi.

"Ndiye kuti munkadziwa?"

Kuseka kwa mtsikanayo kunazilala pang'onopang'ono. Anatembenuka n'kuyang'ana mayi ake, nawona timadontho tachikasu timene anali asanationepo chibadwire, kenako anayang'ana nsapato zake zopondedwa zili pansi pa bedi.

"Amayi," anatero, "tsiku lija munati ndipake mafuta."

Namwino analowa ndi timabotolo tiwiri ta magazi, nafunsa kuti ayambe ndani. Mtsikanayo anapinda yekha mkono wa malaya, n'kusendeza mpando wake kutali ndi wa mayi ake.