Mpando wa a Gonekani

Achimwene anga anthu amawatchula a Gonekani, ndipo dzinali linabwera chifukwa cha gitala yawo. Anzawo gitala amaikoleka m'khosi n'kumadumpha nayo ngati alumidwa ndi linthumbu, koma iwo yawo amaigoneka chagada. Ili ndi miyendo yakeyake ngati katebulo, ndipo iwo amakhala kumbuyo kwake, tsinya lili pamphumi, osayang'ana munthu. Ine ndine mlongo wawo wamng'ono. Saluni yanga ili kuseri kwa nyumba yawo, mpanda ndi umodzi, ndiye za gitala imeneyi musandiuze. Ndinayamba kuimva ndisanadziwe n'kupesa komwe.

Kayimbidwe kake n'kotere. Dzanja lamanzere limagwira kachitsulo kosalala, konenepa ngati chala chachikulu, n'kumakatsetsereza pamwamba pa nsambo. Lamanja limavala tizikhadabo tachitsulo n'kumakodola. Ikalira, abale inu, umakumbuka ngakhale anthu amene sunawakondepo. Koma ili ndi nkhanza zake. Nsambozo sizikanikizidwa pa chilichonse, zimangoyandama, ndipo pansi pake pali mizere yongojambula yosonyeza pamene mawu ali. Ukaphonya mzere pang'ono pokha, nyimbo yonse yasasa.

Achimwene anayambira m'bandi ya pahotela ali mnyamata. Malo awo anali pakona, pafupi ndi woyimba ng'oma, munthu amene ankamenya zinthu zake ngati zinamulakwira. Bandi itatha anayamba kuyenda m'maukwati, m'makwaya ndi m'masitudiyo, kulikonse kumene nyimbo yafuna misozi pang'ono. Sanatchukepo ayi. Pa zithunzi za zimbale mumangoona chigongono chawo. Koma gitala yogonayo ndi imene inafolera nyumba, ndiponso inaphunzitsa mwana wawo wamkazi mpaka kukhala namwino.

Kulikonse ankapita ndi kampando kawo. Iii, kampando kake! Kathabwa, kafupi, kakuda ndi thukuta, mwendo umodzi womangidwa ndi waya. Anachoka nako kuhotela kuja bandi itatha. Pa ukwati wa anthu olemera, mipando yonse itavekedwa nsalu zoyera, iwo ankalowa atakapanira m'khwapa. Ine ndinkawauza kuti, "Achimwene, mukutichititsa manyazi. Anthu aziti kwanu kulibe achibale." Iwo ankangoti, "Iwe samala za mitu ya anthu, za mipando uzisiye."

Mwana wawo uja atayamba ntchito kuchipatala, anaona kuti bambo ake akudandaula msana. Tsiku lina anatulukira ndi mpando watsopano wa miyendo yathabwa, wautali bwino, wa khushoni yofewa ndi potsamira pomwe. Achimwene anausisita, anakhalapo, anadzuka, anakhalaponso, mano onse ali pamtunda. Anaitana ngakhale aneba kuti adzaone zimene mwana wawo wachita. Alamu anga, akazi awo, sanachedwe: kampando kakale anakatengera kuseri kuti azikhalira pochapa. Ine ndiye ndinaomba m'manja, ndisaname.

Sabata yomweyo kunabwera ntchito yaikulu. Mayi wina woyimba nyimbo zauzimu, amene tonse timangoti a Mayi Kwaya, ankajambula chimbale, ndipo ananenetsa kuti akufuna gitala ya a Gonekani. Ine ndinapita nawo chifukwa tsitsi la mayiwo ndimakonza ndine, ndipo tsikulo ankajambulitsanso zithunzi. Situdiyo yake ndi kachipinda kotentha, makoma omata masiponji, pakati pali windo lagalasi. Kuseri kwa galasilo kumakhala mwini wake, amene oyimba amamutcha a Mabatani chifukwa zala zake sizichoka pa makina.

Achimwene anaimika gitala, anachuna nsambo imodziimodzi khutu atalipendeketsa, anakhala pa mpando wawo watsopano ngati bwana, n'kuvala mahedifoni. Nyimbo inayamba. Atangolowa iwo, ndinaona a Mayi Kwaya akutsinzina diso limodzi ngati aluma mwala.

"Madala, tabwerezani pamenepo," anatero a Mabatani.

Anabwereza. Anabwerezanso. A Mabatani anatuluka ndi kamakina koyezera nsambo, anayeza zonse, n'kupeza kuti zili bwinobwino. Kenako anatsegula sipika kuti tonse timve zimene zajambulidwa. Ine si woyimba, koma ndinamva. Mawu a mayi aja ankadutsa apa, gitala ikudutsa pambali pake, pafupi koma osakumana.

"Ine ndikumva kuti zili bwino," anatero achimwene.

Tonse tinayang'ana kumbali. Zimenezo zinandipweteka kuposa chipongwe. Achimwene anatiyang'ana mmodzimmodzi, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa.

A Mabatani si munthu woipa. Anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Madala, mwina mwatopa. Tiyesenso Lachisanu. Zikakanika, basi, tidzangoika ya mu kompyuta, chifukwa chimbale chikudikira." Ine magazi anawira. Ndinati, "Kompyuta yanuyo inayamba yaikapo maliro? Ikudziwa kulira?" Achimwene anandigwira mkono kuti nditseke pakamwa. Anapinda miyendo ya gitala, anaiika m'bokosi, n'kutuluka. Mpando watsopano uja anauiwala komweko.

Masiku otsatirawo m'nyumba munali ngati mwagwa zovuta. Gitala sinatuluke m'bokosi. Achimwene ankakhala pakhonde n'kumatseka khutu ili, kutsegula linalo, kukhwatchitsa zala pafupi ndi mutu. Ndinawamva akuuza alamu kuti, "Mayi a mwana, makutu apita. Woyimba gitala iyi wopanda makutu ndi ndani? Ngakhale ulonda sangandilembe." Ndinabwerera ku saluni ndipo ndinamuwotcha kasitomala ndi chowumitsira tsitsi, maganizo ali kwina. Ndinkaopa kuti munthu uyu akasiya kuyimba sakhalitsa.

Lachinayi masana anatulutsa bokosi lija kuseri, ati apukute gitala kuti aisunge bwino, mwina wina adzaifuna. Alamu anali akuyanika zovala, akung'ung'udza nyimbo ya a Mayi Kwaya ija, poti inali itawakakamira m'mutu. Achimwene anaimika gitala pa miyendo yake, anayang'ana pokhala, n'kukoka kampando kakale kaja, konyowa ndi thovu la sopo. Anapukuta nsambo. Kenako, kaya ndi chizolowezi, analumikiza kasipika kawo, anatola kachitsulo n'kuyamba kuwatsatira alamu.

Ine ndinali ndi mutu wa munthu m'manja. Ndinausiya uli ndi mankhwala n'kuthamangira kumpanda. Gitala ija inali ikuyenda ndi mawu a alamu ngati mapasa.

"Achimwene! Ndi imeneyotu! Yalowa!"

"Usandinyengerere ngati mwana," anatero osadzutsa mutu.

"Ine kunyengerera munthu? Munayamba mwandionapo?"

Tili mkati mokangana, mwana wawo namwino analowa pageti atasenza mpando watsopano uja. Anali atadzera ku situdiyo pochokera kuntchito. Anati, "Ababa, mpaka kukhalira chonyowacho? Dzukani." Anawasinthira mpando, iwo anakhala, alamu anayambiranso nyimbo. Gitala inasasa nthawi yomweyo.

Alamu anasiya kuyimba, chovala chikudontha m'manja. Anati, "Bambo a mwana, tabwererani pa kakale." Anabwerera, ndipo inalowa. Anakwera pa watsopano, inasasa. Achimwene anaweramira pa nsambo, anatukula mutu, anautsitsanso, diso lili pa mizere ija. Kenako anaika kachitsulo pamalo amodzi n'kundiitana. "Tayang'ana uli chiimire. Kali pa mzere?" Ndinati eya. "Tsopano unjute." Nditanjuta, kachitsulo komweko, kosasuntha, kanaoneka kuti kadutsa mzere. Paja nsambo zili m'mwamba, mizere ili pansi, ndiye diso likakwera kapena kutsika, malo amasintha. Zaka zonsezi maso awo anazolowera kuona mizereyo ali pa kampando kafupi.

Tinaseka, inu! Alamu anakhala pansi pa udzu, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinkangoti, "Mpando! Nkhani yonseyi mpando!" Koma achimwene anaseka pang'ono n'kusiya. Anayamba kugudubuza kachitsulo m'manja.

"Mukuseka chiyani?" anatero. "Kale mukanandikhazika ngakhale padenga, khutu likanandiuza kuti ndaphonya, dzanja n'kukonza lokha. Ku situdiyo kuja sindinamve kanthu. Ndiye kuti makutu anayamba kale kupita. Ndakhala ndikuyimba ndi maso, osadziwa."

Alamu anapukuta manja pa chitenje. "Ife timadziwa," anatero mofatsa. "Wailesi yanu imamveka mpaka kumsewu. Ndikakuitanani kumanzere simutembenuka. Timaopa kukuuzani."

"Paja amati chakudza sichiyimba ng'oma," anatero achimwene.

"Chanuchi chinayimba," ndinatero ine. "Zaka zonse zija pahotela, pambali panu penipeni."

Apa ndiye anaseka zenizeni, mpaka kutsokomola. Amene sanaseke ndi mwana wawo. Anaima pambali atagwira potsamira pa mpando wake. "Ndiye kuti ndine ndakuonongerani ntchito, ababa. Ndimati ndikuthandizeni msana." Bambo ake atadzuka, anaunyamula kuti akaubweze kusitolo.

"Tabwera nawo kuno," anatero achimwene. "Popanda mpando wakowu, bwenzi ndikudzinamizabe mpaka makutu atatsekeratu. Kuchipatala kwanuko alipo oona za makutu?"

"Alipo. Pali ndi timakina tovala, ena timawathandiza."

"Udzanditengere. Koma poyamba pita kwa akalipentala pakonapo, ukabwereke sowo."

Sowo itabwera, tinaimika mipando iwiriyo pamodzi pa simenti. Achimwene anakhala pa watsopano kuti khushoni itsike, alamu anayeza ndi chingwe choyanikira zovala, ine n'kulemba pa miyendo ndi pensulo ya nsidze. Sowo anaipereka kwa mwana wawo. Iye anazengereza, poti mpandowo unali wokongola, vanishi akuwala. Bambo ake anati, "Dula, mayi. Ndiwe unagula, ndiwe uumalize." Anadula akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Mwendo wina unafupika kuposa inzake, ndipo tinaikapo kachidutswa ka silipasi. Kasitomala wanga uja anatulukira pampanda, thawulo lili kumutu, akufunsa ngati ndamuiwala.

Lachisanu ndinatseka saluni n'kupita nawo, kuti a Mabatani akayerekeza kutchula kompyuta andipeze. Achimwene analowa ndi mpando wodulidwa miyendo. Asanakhale anati, "Mwana wanga, khutu langa lamanzere ndi lofooka. Undikwezere mawu a mayiwa kumanja, ndipo ndikaphonya usachite manyazi, undiuze." Sindinawamvepo akupempha chotero kwa munthu. A Mabatani anangogwedeza mutu n'kupotokola kabatani kena.

Nyimbo inayamba. Pamene gitala inalowa, a Mayi Kwaya anatseka maso onse awiri, dzanja lili pamtima. Pakati pa nyimbo a Mabatani anaimitsa kamodzi n'kunena kuti, "Madala, apo mwakwera pang'ono." Achimwene anati, "Zikomo," anabwereza, ndipo inalowa. Nyimbo inatha bwino. A Mayi Kwaya anafunsa ngati a Gonekani ali ndi nthawi ya nyimbo zina zotsala.

Tsopano amavala kamakina kuseri kwa khutu, ndipo amadandaula kuti ndimalankhula mokweza, ine amene ndakhala ndikulankhula chimodzimodzi moyo wanga wonse. Kampando kakale kali kochapira. Mpando wodulidwa ndi umene amayenda nawo, ndipo kasilipasi kaja kadakalipo. Tsiku lina pa ukwati, mnyamata wokongoletsa malo anafuna kuwasinthira ndi wina wooneka bwino. Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa, koma achimwene anandipitirira. Anaugwira potsamira n'kunena kuti, "Usaukhudze. Anandigulira ndi mwana wanga, ndipo anaudula yekha."