Sanza Zimene Ndinatseka Nazo Mabowo a M'bafa

Inu owerenga, ine zilembo sindizidziwa. Amene wagwira cholembera ndi mayi mnzanga wa kumpingo, ine ndikungoyankhula. Ndamuuza kuti asakometse kanthu, alembe monga mawu akutulukira pakamwa panga. Ndinapha mpongozi wanga. Sindinagwire mpeni kapena mankhwala ayi. Ndinamupha ndi sanza, ndiponso ndi mtima wakuti ine ndinabadwa kale, palibe chondiuza.

Kwathu ndi kwa Lundu. Chaka chimene madzi osefukira anagwetsa nyumba yanga, mwana wanga Joakimu ananditenga kuti ndikakhale naye ku Nchalo, kumene amagwira ntchito pafakitale ya shuga. Mkazi wake anali Rozina, Msena wa ku Marka, mwana wansangala amene sankandilola ngakhale kunyamula ndowa. Ndinamupeza ali ndi pakati poyamba.

M'nyumbamo munali chinthu chimene amati giza. Ndi thanki loyera loimika pakona m'bafa. Pansi pake pamayaka kamoto ka gasi, pamwamba pali paipi yotulukira kudenga. Ukatsegula mpopi, madzi otentha ndi amenewo, popanda nkhuni. Ine amene khosi linauma ndi mitolo ya nkhuni ndinkangopukusa mutu.

Ndisanathe sabata, kunabwera pulambala, bambo wina wokonza mipopi wa ku Bangula, kudzatsuka gizayo. Ndinakhala pakhomo kumuonerera. Anandifotokozera kuti madzi a kuchigwa kuno ali ndi mchere, ndiye amasiya matope oyera pansi pa thanki, ndipo akachuluka thanki limalira. Anatseka gasi, natseka madzi olowa, nadikira kuti azizire. Kenako analumikiza kapaipi kofewa pakampopi kapansi, madzi n'kumatuluka panja ngati a ufa, mpaka anayera. Atatha apo anakwera padenga n'kutokosa paipi ija ndi waya. Munagwa mwaye ndi dothi la mavu aja omanga zisa zamatope. Potsiriza anandilozera mabowo awiri a pakhoma ndi mpata wa pansi pa chitseko.

"Agogo, moto uwu umapuma ngati munthu. Mukautseka mphuno, umalanda mpweya wanu. Lawi likakhala labuluu zili bwino. Likafiira, zimitsani mundiitane."

Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinati zokwera padengazo n'zongofuna kuti aoneke wakhama. Ntchito yeniyeni ndinaiona ndi maso anga, ndi ya kapaipi ija.

Miyezi inapita. Pofika mu Juni, Rozina ali pafupi kuchira, giza inayamba kubwata ngati mphika wa nyemba. Joakimu anati aitana pulambala, koma inali nyengo yogaya mizimbe, ankachoka m'mamawa n'kubwera atatopa, ndiye zinangokhala mawa, mawa. Tsiku lina ndinati, kodi chovuta n'chiyani? Ndinatseka gasi, ndinatseka madzi, ndinalumikiza kapaipi, zonse monga ndinaonera. Matope anatuluka, madzi anayera. Joakimu atabwera n'kuyatsanso, phokoso lija linali litatha.

Rozina anaseka mpaka kugwira mimba. "Amayi, mwalanda ntchito ya eni ake. Mawa tikugulirani ovolosi."

Ndinanyada, inu. Ndinauza Joakimu kuti asavutitse munthu kuchokera ku Bangula konse pa ntchito yoti yatha kale, ndipo anandimvera. Padenga sipanakwere munthu. Lawi lija ndinaliona ndithu kuti lasanduka lachikasu, likugwedera, ndipo pamwamba pa thanki pada ndi mwaye. Koma moto umene ine ndaudziwa moyo wanga wonse ndi wofiira. Ndinati tsopano ndiye wayamba kufanana ndi moto weniweni.

Rozina anachira bwino, mwana wamwamuna. Mayi a Rozina ku Marka ankadwala miyendo, choncho za chikuta zonse zinali m'manja mwanga. Ife tinaphunzitsidwa kuti mayi wongobereka asaombedwe ndi mphepo, ikamulowa m'mimba sachira msanga. Tinaphunzitsidwanso kuti azithowedwa ndi madzi otentha m'mawa uliwonse kuti thupi libwerere. Masiku amenewo kunali chiperoni, kamphepo kozizira kankalowa m'bafa kudzera m'mabowo aja. Ndinatenga chitenje changa chakale, ndinaching'amba, ndinatseka bowo ili, ndinatseka linalo, chotsala n'kuchipanikiza pansi pa chitseko. M'bafa munafunda bwino. Mawu a pulambala sanandibwerere n'komwe.

Tsiku loyamba ndinalowa naye n'kumuthowa. Potuluka tonse mitu inkatiwawa. Ine ndinati wanga ndi ukalamba, wake ndi magazi amene anataya, ndinamuphikira phala. Tsiku lachitatu anasanza. Lachinayi anandigwira mkono tili m'katimo.

"Amayi, nsolo ukundizungulira. Titsekuleko chitseko pang'ono."

Nsolo m'Chisena chakwawo ndi mutu. Ndinakana. Ndinamuuza kuti ine ndabereka ana asanu ndi awiri, ndipo chizungulirecho ndi umboni wakuti thupi likufuna madzi otentha ochuluka. Anangoti, "Chabwino, amayi." Akanakhala mpongozi wamwano, lero akanakhala moyo.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi dzuwa linali litakwera, Joakimu ali kuntchito. Mwana ankalira osatonthola, ndiye Rozina anati ndimugwire, iye akachape matewera m'bafa kenako asambe yekha. Ndinamukumbutsanso kuti atseke bwino chitseko. Ndinakhala kuchipinda ndi mwana pachifuwa, ndikumuimbira, ndikumva madzi akuthira. Mwana anagona, madzi akuthirabe. Ndinati mwina matewera ndi ambiri. Pamene ndinatuluka, phazi langa linaponda madzi ofunda m'khonde la m'nyumba, atadutsa sanza zanga za pansi pa chitseko.

Ndinaitana, sanayankhe. Ndinakankha chitseko, chinali cholemera, chifukwa iye anali atagwera kuseri kwake. Zikuoneka kuti anafuna kutsegula. M'dzanja munali thewera. Nkhope yake inali yosalala ngati wangogona, ndipo m'bafamo munalibe fungo lililonse, munalibe utsi. Ndinamukokera panja ndi mphamvu zimene sindidziwa kumene zinachokera. Anansi anabwera, wina anapeza galimoto. Kuchipatala anayesetsa, koma Rozina sanatsegulenso maso. Anatiuza kuti anapuma mpweya woipa umene umachokera ku moto wosayaka bwino, mpweya wosaoneka, wosanunkha.

Maliro atatha, Joakimu anaitana pulambala uja. Anakwera padenga, napeza paipi yotsekeka ndi zisa za mavu. Anatsika, nalowa m'bafa, nayamba kusolola sanza m'mabowo, imodzi imodzi, n'kuziika m'manja mwa mwana wanga. Joakimu anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, si nsalu ndinakugulirani ija iyi?"

Mawu ake anali okhawo. Sanandikalipire, sanandithamangitse. Anthu akamufunsa amangoti ndi gasi. Koma chimene chimandidya kwambiri ndi cha pamaliro paja. Mayi a Rozina anabwera atakwezedwa panjinga chifukwa cha miyendo. Anandigwira manja onse awiri n'kunena kuti, "Takhuta, mwandisungira mwana mpaka mapeto." Ine ndinalandira zikomo ameneyo, pakamwa nditatseka ngati mabowo aja.

Inu owerenga, ngati kwanu kuli giza ya gasi, musaone ngati kutaya matope kokha ndiye kuisamala. Matope tayani ndithu, mutatseka gasi ndipo madzi atazizira, koma wodziwa ntchito akwere akaone paipi ya padenga, chifukwa kuno mavu samanga mopempha. Lawi likafiira si kukongola, zimitsani. Munthu akamatuluka m'bafa mutu ukuwawa kapena akusanza, musamuphikire phala, mutulutseni panja ndipo musayatsenso. Ngati mungathe, chinthucho chikhale kunja kwa chipinda chosambiramo. Ndipo inu azimayi anzanga akuluakulu, miyambo yathu tinaiphunzira m'mabafa audzu opanda denga, kumene mphepo inkalowa ngakhale titaikaniza. M'nyumba za ana athu muli zinthu zimene amayi athu sanazione. Mwana wa eni ake akakuuzani kuti mutu ukuzungulira, tsegulani chitseko.

Giza ija Joakimu anaizula. Mdzukulu wanga tsopano akuyenda, ndimamusambitsa m'beseni pabwalo ndi madzi owotha dzuwa. Wayamba kunditchula amayi, ndipo nthawi zonse ndimamuuza kuti ine ndi agogo, amayi ake ndi aja ali pachithunzi. Pepala ili lisanafike kwa inu, ndapempha Joakimu kuti andiperekeze ku Marka. Akaliwerenge mokweza pamaso pa mayi a Rozina, ine nditakhala pansi pomwepo. Zikomo uja si wanga, ndikukabweza.