Msewu umene ndinasesa

Senderani kuno ana inu, mafoniwo muike kaye pansi. Iwe wagwira cholemberawe, ulembe momwe ndikuneneramu, usakonze, poti ine sukulu ndinangoidutsa panja.

Chaka chimene agogo anu aamuna anafa ziwalo mbali imodzi, achipatala ku Balaka anati azibwera mwezi uliwonse kudzaonedwa ndi kutenga mankhwala. Pa kabaza sakanatha kukhala. Pankafunika galimoto yahayala, koma kanjira kathu kochokera kumsewu waukulu kanali maenje okhaokha, ndipo mwini galimoto ankaima kutali n'kumangoliza hutala. Tinkawanyamula pachitseko, amuna anayi, iwo atadziphimba kumaso ndi manyazi.

Kutsidya kwa dambo kuli munda waukulu wa bwana wina. Thirakitala yake ankayendetsa ndi bambo wachiyawo wa kwa Kalembo, wamfupi, wosavula kapu yoyera. Tsiku lina bamboyo anationa tikudutsa ndi chitseko chija. Mu Okutobala tinangomva phokoso, awo akubwera, kumbuyo akukoka chitsulo chonga bokosi lopanda pansi, chokhala ndi mano. Anati bwana wawalola.

"Anganga, ndabwera kudzapesa msewu wanu."

"Mupese bwino, nsabwe zilimo zambiri," ndinatero ine.

Anatsitsa mano aja n'kuyamba kung'amba njira yonse. Mtima wanga unangoti myu.

"Adalaivala, ndimati mukukonza, kodi mukulima?"

Iwo anati dzenje ukangolikwirira pamwamba limabwereranso, limafuna kuliswa mpaka pansi. Kenako anakweza mano, anapendeketsa chitsulo, n'kumakokera dothi ndi timiyala kuchokera m'mbali kupita pakati, kupita n'kubwera, mpaka dzuwa linapendeka. Anangomwa thobwa basi, ulendo.

Atachoka ndinayenda njira yonse. Maenje anatha, inde. Koma pakati panatukumuka msana ngati mzere wa mbatata, ndipo timiyala tinali mbwee, tolasa kumapazi. Ndinati munthuyu dizilo wamuthera, wasiya ntchito panjira, ndiye poti wachita mwaulere ndingamuitanenso bwanji? Ine ndinakula ndikudziwa kuti pakhomo pa mkazi pamakhala posalala, posesedwa. Ndinaitana amayi anzanga akumpingo, makasu ndi matsache m'manja. Masiku awiri tinasalaza msana uja, timiyala tonse tinasesera kutchire, tikuimba. Njira inawala ngati bwalo la chinkhoswe.

Mvula yoyamba inagwa Lamulungu, tsiku lachipatala linali Lachiwiri. Madzi anagona pakati penipeni pa njira. Galimoto inangolowa pang'ono n'kutitimira mpaka kumimba, ndipo pomaitulutsa nthawi yachipatala inali itatha. M'botolo munatsala mankhwala a sabata imodzi. Agogo anu sanandikalipire iyayi. Anangotembenukira kukhoma.

M'mawa mwake ndinawoloka dambo kupita kumunda kwa bwana kuja.

"Adalaivala, msewu wanu wafa."

Anabwera nane wapansi kudzaona. Anaima, anayang'ana uku, anayang'ana uko.

"Msana wanga uli kuti?"

"Tinasalaza."

"Nanga miyala?"

"Tinasesa."

"Munasesa? Ndi tsache, anganga?" Anaseka mpaka kukhala pansi pachulu. "Ine ndaona misewu yodyedwa ndi mvula, yodyedwa ndi malole. Wodyedwa ndi tsache ndi uno!"

"Sekani, koma munthu ali m'nyumbamu."

Kuseka kunathera pomwepo. Anati dothi lonyowa chitsulo chimangolipaka, ndiye tidikire dzuwa la masiku awiri, ndipo ife tibweze timiyala tija. Tinatola ndi malichero, amayi omwe aja, ulendo uno osaimba. Mulungu anatimvera, dzuwa linawala. Lachisanu thirakitala inabwera n'kumanganso msana uja. Atamaliza anandiuza kuti nditunge ndowa yamadzi, ndithire pakati ndekha. Ndinathira. Madzi anagawikana, ena kumanja ena kumanzere, n'kutsikira m'ngalande. Ndinangogwira pakamwa.

"Mwaona? Msewu umafuna msana. Tsache lanu lizithera pamtengo wamango uli kumapeto kwa bwalo lanuwo."

Tsiku limenelo sindinawalole kupita ndi thobwa lokha. Ndinagwira tambala n'kuwapatsa mpeni kuti azinge okha mwa Chisilamu, asapeze pokanira. Anadyera pakhonde ndi agogo anu, ndipo ndinamva agogo anu akuseka, koyamba chidwalireni, adalaivala akuwasonyeza mmene ndimasesera.

Lolemba kunawaza mvula, koma galimoto inafika mpaka pakhomo. Agogo anu anangoyenda mapazi ochepa atatsamira paphewa langa, n'kukhala pampando. Chitseko tinachibwezera pamalo pake.

Agogo anuwo anakhala nafe madzinja ena atatu, ndipo tsiku lachipatala sanaphonyenso. Adalaivala ankabwera chaka ndi chaka mvula isanayambe, kudzadzutsa msana, mpaka maso anayamba kuwavuta. Pano ali kwawo kwa Kalembo, akulima nandolo, ndipo akapeza wobwera kuno amati, "Mukawafunse anganga ngati tsache analimanga." Mwini galimoto anaigulitsa n'kupita ku Joni. Mwa amayi aja awiri anatisiya, otsalawo tikakumana kuchitsime timangoyang'anana n'kuyamba kuseka. Ine ndilipo, ndikusesabe m'mawa uliwonse. Ndikafika pamango ndimabwerera.